Phazi la Apongozi Anga

Ku Libuyu, komboni ya mu Livingstone, ankandidziwa kuti sista wa zilonda, ndipo akafuna kundisiyanitsa ndi anamwino anzanga ankangoti "uja waukali." Sindikukana. M'zaka zimenezo, kumayambiriro kwa m'ma 1990, ndinali ndi mtima wapachala. Munthu akabwera ndi chilonda chimene wachisunga mwezi wathunthu atachimata phulusa, ndinkayamba ndamukalipira, kenako n'kumutsuka.

Chipinda changa chinali kumapeto kwa khonde la kakiliniki kathu. Munali benchi, ndowa ziwiri, sitovu yowiritsira zitsulo, ndi fungo la mankhwala limene silinkachoka m'tsitsi ngakhale Lamlungu. Ankabwera ana opsa ndi mbaula, anyamata odzitema posema ziboliboli zogulitsa kwa alendo, ndi azimayi olumidwa ndi anyani ku boda pochokera kokagula buledi ndi majarini kutsidya kwa Zambezi. Mankhwala ankasowa, mabandeji tinkachapa n'kuwawiritsanso, koma madzi amchere sankatha. Ndimachisowa chipinda chija kuposa nyumba zina zimene ndagonamo.

Ine ndinabadwira ku Nottie Broadie, mu Livingstone momwemo, mwana wa kalaliki wochokera ku Chipata. Upongozi tinkaudziwa, koma wa m'tauni, wopereka moni uli chiimire. Amuna anga anali Mlozi wogwira ntchito pa njanji. Amayi awo atamwalira, anakatenga atate awo kwawo ku Senanga kuti adzakhale nafe, ndipo madzulo oti afika mawa anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa ngati mwana wa giredi wani. Chakudya ndizichisiya pakhomo nditagwada, ndiwombe m'manja, ndichoke. Kumaso ndisawayang'ane. Kuwakhudza ndiye ayi, ngakhale chovala chawo. Ngati ndili ndi mawu, ndiziwapereka kwa amuna anga, iwo akawafikitse.

Ndinaseka, koma amuna anga sanaseke. Ndiye ndinatsatira.

Apongozi anga anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu ochepa. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yocheka matabwa konkuno ku Livingstone, choncho Chinyanja cha m'tauni ankachidziwa. Tsiku lililonse ankavala tayi ndi nsapato zakuda zopukuta, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ndi Baibulo lawo la Chilozi. Ndinkawalemekeza, koma sindinkawadziwa. Tinakhala nyumba imodzi chaka chathunthu ndikudziwa bwino msana wawo kuposa nkhope.

Chinayamba ndi madzi. Jagi imene ndinkawasiyira m'mawa inkatha dzuwa lisanakwere, ndipo ankapempha ina kudzera mwa mwana wawo. Ndinati ndi kutentha, chifukwa Livingstone wa mu Okutobala amaumitsa ngakhale malovu. Kenako ndinaona nyerere zitaunjikana m'chimbudzi pamene iwo angochoka. Kenako kutsimphina. Pomaliza linabwera fungo, ndipo fungo limenelo sindikanalisokoneza ndi lina lililonse, chifukwa ndinkakhala nalo kuntchito tsiku ndi tsiku. Ndikagwada pakhomo pawo ndi mbale, linkandipeza pomwepo.

"Imwe, batate banu bali na chilonda ku mwendo," ndinauza amuna anga. "Na shuga nayo niganiza bali nayo. Bafunseni."

Anapita, anabwerako. "Bakuti ni kachilonda kang'ono chabe, nsapato inabakwecha. Bazachisamba beka."

"Kachilonda kang'ono kanunkha so?"

"Manje ufuna nichite bwanji? Nibavule nsapato na mphamvu?"

Mawa lake anakwera sitima kupita kuntchito, ndipo ntchito yawo inkawasunga kunja masiku ambiri. Ine ndinatsala ndi fungo lija ndi malamulo aja. Ndinadikira masabata atatu. Ndikulemba zimenezi manyazi akundigwira mpaka lero. Mkazi yemwe ankakalipira Libuyu yense chifukwa chochedwa ndi zilonda anakhala masabata atatu akuwomba m'manja pakhomo, phazi likuola mkati mwa nsapato kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina ndinaweruka msanga. Nditazungulira kuseri kuti ndikachotse zovala pa chingwe, ndinawapeza pansi pa mango atavula nsapato imodzi, akuingitsa ntchentche ndi tsamba. Atamva mapazi anga anaphimba phazilo ndi jekete msangamsanga. Koma ndinali nditaona kale kuti sokosi yanyowa, ndiponso kuti phazi latupa mpaka kuwala.

Mtima unandipsa. Kulankhula nawo sindikanatha, kukhala chete sindikanathanso. Ndinagwada pamchenga wotentha uja, ndinawomba m'manja, n'kutembenukira ku mtengo.

"Iwe mtengo wa mango," ndinatero mokweza, "ine nasebenza na vilonda zaka zambiri. Chilonda chikanunkha monga chamene nikumvela pano, sichipola cheka. Chimadya chala, chadya phazi, chadya mwendo. Pambuyo pake munthu bamamudula. Uuze bene ba phazi."

Nkhuku ya aneba inadutsa pakati pathu osatilabadira. Ndinaganiza kuti basi, ukwati wanga wathera pamenepa. Kenako ndinamva akukonza pakhosi.

"Mtengo," anatero pang'onopang'ono, nawonso atayang'ana kumbali, "umuuze mwana kuti namvela. Koma mukazi wa mwana wanga sangagwile phazi yanga. Kwathu kulibe."

"Mtengo, ubauze kuti ku kiliniki kulibe mukazi wa mwana wa munthu. Kuli ba dokota na ba sista. Bamatsegula eyiti awazi."

Ndinatola zovala zanga n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndikutsegula chipinda changa, ndinawaona pa benchi ya panja, wachitatu pamzere, atavala tayi, m'manja muli kabuku ka sukulu kodula pakati kamene odwala onse ankabwera nako kuti tizilembamo. Anawabweretsa pa njinga aneba athu ogulitsa makala. Sitinapatsane moni.

Mkulu wa kiliniki yathu, yemwe aliyense ankamutchula kuti ba dokota ngakhale sanali dokotala weniweni, anawaona koyamba. Anathira madontho a mkodzo wawo m'kabotolo ka mankhwala abuluu n'kuwiritsa pa kanyale. Madzi aja anasanduka obiriwira, kenako achikasu, kenako ofiira ngati njerwa. Inali shuga, ndipo yambiri. Atawavula sokosi anandiitanira pakhonde.

"Sista, aba ni bapongozi banu, si so? Chala chimodzi chafa kudala. Nibatuma ku chipatala chikulu lelo lomba. Munali kuti masiku yonse aya?"

Anali mawu anga omwe, amene ndinkauza anthu ena.

Chimene chinachitika n'chakuti wosoka nsapato anakhomera chidendene chatsopano ndi soli, ndipo kamsomali kamodzi kanatulukira mkati. Shuga inali itapha kale kumva kwa mapazi awo, choncho anayenda pa msomali uja masabata osadziwa. Kuchipatala chachikulu anadula chala chaching'ono, anawabaya majekeseni sabata imodzi, n'kuwatulutsa ndi mapiritsi a shuga. Dokotala wa kumeneko anajambula mzere ndi bolopeni pa kakolo. Anauza amuna anga, amene anali atabwerako, kuti chilondacho chizitsukidwa tsiku lililonse osadumpha, ndipo kufiira kukadutsa mzere umenewo adzadula mwendo pansi pa bondo.

Tsiku lililonse. Ba dokota athu mzere wawo wa odwala unkafika ku geti, ndipo wotsuka zilonda pa kiliniki yonse ndinali ine ndekha.

Pakona pa chipinda changa panali chotchingira cha nsalu yobiriwira, cha mawilo atatu m'malo mwa anayi, chimene tinkachikoka pakabwera munthu wa chithupsa cha pamalo obisika. Ndinachikokera pakati. Mbali iyo ndinaika mpando, mbali yanga kasitulu. Ndinaitana wotsatira mwa mawu a ntchito, ndili chotembenuka. Ndinamva ndodo yawo yoyendera, ndinamva mpando ukulira, kenako phazi linatulukira pansi pa nsalu n'kukhala pa kasitulu.

"Mwauka bwanji, ba sista?" anatero kuseri kuja.

"Bwino, batate. Phazi yagona bwanji?"

Aka kanali koyamba kuti ine ndi apongozi anga tilankhulane popanda mtengo kapena mwana wawo pakati.

Bala linali lakuya, la mafinya, lofika pafupi ndi fupa. Ndinkalitsuka ndi madzi amchere owiritsa, kuchotsa mnofu wakufa pang'onopang'ono ndi kalumo, kulongamo nsalu yonyowa, n'kumanga. Iwo sankamva kuwawa, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiopsa kwambiri. Ndisanamasule bandeji ndinkayamba ndayang'ana mzere uja. Ukafufutika ndinkaubwereza ndi bolopeni yanga. Sabata yachiwiri kufiira kunakwera mpaka kutsala mpata wa chala chimodzi kuti kuukhudze. Tsiku limenelo ndinalephera kudya, ndipo ba dokota anawonjezera majekeseni. Kunaima pomwepo masiku anayi, kenako kunayamba kubwerera.

Loweruka masana ndi Lamlungu chipinda changa chinkatsekedwa, koma chilonda sichidziwa Sabata. Ndinkapachika shiti pa chingwe cha zovala kuseri kwa nyumba, kuvala yunifolomu yanga yonse mpaka kachipewa, n'kutuluka pa geti la kutsogolo, kuzungulira, n'kulowera kumbuyo ngati mlendo. Aneba ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Amuna anga ankandilandira ndi nkhope ya maliro n'kulengeza kuti ba sista afika. Ndikamaliza ndinkazunguliranso, kuvula, kumanga chitenje, n'kukagwada pakhomo ndi tiyi.

Tiyi ameneyo ndiye anabutsa nkhondo. Apongozi anga anazolowera kumwa wa masupuni atatu a shuga, ndipo Disembala atafika mango ankagwa okha pamiyendo pawo. Mkodzo unkafiirabe m'kabotolo. Kunyumba sindikanatha kunena kanthu, choncho ndinkasunga zonse mpaka m'mawa.

"Batate, shuga yanu siiseluka. Ku nyumba bamakupikilani ndani?"

"Ni mupongozi wanga."

"Samakupasani tiyi ya shuga?"

"Awe. Uja mwana anabisa shuga. Tiyi yake imvekela monga manzi ya mu Zambezi."

"Nanga mango?"

Zala zinayi zija zinagwedezeka pang'ono pa kasitulu.

"Mango imagwa yeka, ba sista. Ine sinimaitana."

"Ikagwa muzipasa bana ba pa neba. Imodzi pa siku, yaing'ono. Nizamufunsa mupongozi wanu."

"Mwandi musamuuze. Ni wokalipa maningi uja. Anakalipila na mtengo."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma kuseri kwa nsalu ndinamva mpando ukugwedezeka. Ndinazindikira kuti nkhalamba ija, imene ndinkaiona ngati chipilala, inali yanthabwala kuposa mwana wake.

Kuyambira pamenepo nkhani zinayamba kutuluka. Kutsuka bala lija kunkatenga nthawi, ndipo iwo ankaidzaza. Anandiuza za sitima ya matabwa ya ku Mulobezi, imene ankati inkayenda pang'onopang'ono moti munthu ankatha kutsika, kukadzithandiza kutchire, n'kuipezanso. Anandiuza za madzi akasefukira kwawo, mmene ankapitira ku tchalitchi pa bwato atanyamula nsapato pamutu. Anandiuza za akazi awo, kuti ankaphika nsomba youma ndi nsinjiro mwa njira imene palibe wina anaitha, ndipo mawu awo anasintha mpaka ndinachita kuchedwetsa dala kumanga bandeji kuti amalize. Sabata yomweyo ndinayesa kuphika nsomba ija. M'mawa mwake ananena kuti mpongozi wawo wayesetsa, koma mchere anaopa. Za mpongozi ameneyu tinkamukambirana kwambiri, ine ndi iwo, ndipo sikuti nthawi zonse ankamuyamikira.

Kunyumba zonse zinali monga kale. Ndinkagwada, kuwomba m'manja, kusiya mbale, n'kuchoka. Nthawi zina zinkandipweteka kuti munthu amene m'mawa wandiseketsa mpaka misozi, madzulo ndikumuonera msana. Ndinadandaulapo kwa amuna anga, iwo anangoti zinthu zikuyenda, ndisazigwedeze.

Mnofu watsopano unayamba kumera mu Januwale, wofiira bwino ngati mkati mwa gwafa. Tinachoka pa tsiku lililonse kufika pa kawiri pa sabata, kenako Lachinayi lokha. Amuna anga anawagulira nsapato zansalu zazikulu, ndipo ndinawaphunzitsa kupisa dzanja m'kati asanavale, ndiponso kuti asamaponde mchenga wa masana opanda nsapato. Mvula itatha, nthawi imene utsi wa mathithi a pa Zambezi umaonekera ngakhale uli ku Libuyu, ndinamasula bandeji n'kupeza khungu latseka lonse. Ndinalisindikiza ndi chala mbali zonse. Linali louma, lolimba. Mzere wa pa kakolo ndinali nditasiya kalekale kuubwereza.

Ndinaitana ba dokota kuti adzaone. Anawerama, anagwedeza mutu, anati mwendo wapulumuka, n'kubwerera kwa odwala awo.

"Batate, chilonda chapola," ndinatero, ndipo mawu anga anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira. "Kuno kwasila. Muzibwela chabe kamodzi pa mwezi kuli ba dokota kutenga mapilisi."

"Eni sha," anayankha m'Chilozi, kuvomera kwaulemu. Phazi linabwerera kuseri kwa nsalu. Ndinamva ndodo ikutuluka.

Sabata imeneyo ndinayenda mopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndinauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse. Sindinaone kuti mbale zikubwerera pakhomo chakudya chitangodyedwa theka, kapena ndinaona koma ndinati ndi mapiritsi.

Lachinayi lotsatira mzere wa odwala unali wautali, chifukwa ana anali atatsekera sukulu ndipo ankadzivulaza ngati alipidwa. Ndinali nditatopa, ndikukalipira mayi wina amene anapaka mankhwala otsukira mano pa bala la moto. Nditaitana wotsatira ndinamva ndodo. Wina anakoka yekha chotchingira chija, mawilo atatu akulira, mpando unalira, ndipo phazi linatulukira pansi pa nsalu.

Ndinaligwira msanga, kulitembenuza, kuyang'ana pansi, pakati pa zala, pa chipsera. Panalibe kanthu. Linali phazi labwinobwino, lotsukidwa, lopakidwa mafuta.

"Batate, ni chani? Pali pamene pababa?"

"Kulibe."

"Manje mwabwelela chani? Simuona laini panja? Kuli bantu bodwala zoona!"

Ndinanena mokalipa, monga ndinkanenera kwa aliyense. Atayamba kulankhula, mawu anali otsika moti ndinachita kusendera pafupi ndi nsalu.

"Ba sista, mwana wanga ankala pa njanji. Mukazi wanga ali mu manda ku Senanga. Ku nyumba kuli mupongozi wanga, mwana wabwino, koma uja sitingakambe. Sabata yonse iyi nakamba chabe na Mulungu." Anapuma. "Nenze naganiza kuti kapena mungamangeko chabe ka bandeji."

Ndinakhala pa kasitulu kanga phazi lawo lili m'manja. Miyezi yonse ija ine ndinkayang'ana bala ndi mzere, ndipo nditapambana ndinawatsekera khomo lokhalo limene anali nalo, ndikusekerera. Misozi inagwera pa yunifolomu, ndipo ndinathokoza kuti pali nsalu pakati pathu.

Bandeji sindinamange, chifukwa inali yosowa ndipo panja panali ana opsa. Ndinapempha kabuku kawo, iwo anakapereka pansi pa nsalu. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti wodwalayu ali ndi shuga, mapazi ake sakumva, ndipo aziwonedwa mapazi onse awiri ndi sista Lachinayi lililonse mpaka kalekale. Silinali bodza. Buku lililonse la unamwino likanandivomereza, kungoti palibe limene likanati ntchito ya mphindi ziwiri izitenga theka la ola.

"Vulani na nsapato inangu," ndinatero nditapukuta mphuno. "Phazi iyi nayo sininaione bwino."

Anabwera Lachinayi lililonse kwa zaka zinayi, mvula kapena dzuwa, mpaka Lachinayi limene anadwala chibayo osadzukanso. Tinawaika ndi miyendo yawo yonse iwiri. Pa maliro achibale ochokera ku Senanga anandiyamikira kuti ndinali mpongozi wodziwa mwambo, amene sanayang'anepo apongozi ake kumaso, ndipo ankanena zoona. Ndinangowomba m'manja. Panalibe amene ndikanamuuza kuti amene tikumuikayo anali mnzanga.